Masitepe a Bambo Namakhwa

Ine ndine Dikisoni Mpulula wa ku Matawale. Amene anagulapo buku mu Zomba muno amandidziwa, amene sanagulepo anandimvapo, chifukwa mawu anga sapempha njira. Sukulu ndinalekera Sitandade 1, ndiye mukaona mawu ena apendama musaseke, wongolani nokha. Ndalemba ndi dzanja langali, ndipo wandichititsa ndi munthu wina wa pakamwa poyabwa amene ndinaima naye pafupi pa maliro a Bambo Eliyasi Namakhwa mwezi wathawu.

Bokosi likutuluka m'nyumba, munthuyo anandigunda ndi chigongono nati, "Apita aja anatibisira kolona m'buku la nyimbo." Anaseka. Ena awiri anamuthandiza kuseka. Ine amene ndikatsokomola ku Matawale agalu a ku Likangala amauwa, ndinangoti chete. Kanali kachiwiri kukhala chete pa nkhani imeneyi. Kachitatu ayi. Mundimve bwino: buku lija sanalakwitse ndi a Namakhwa. Ndinalakwitsa ndine, ndipo iwo anasenza mlandu wanga mpaka alowa nawo m'manda.

Koma ndiyambe ndakuonetsani munthuyo.

Anali wamfupi, wowonda ngati nsungwi, wovala tayi mkati mwa ovololo. Chala chawo chachikulu chinali chakuda ndi inki, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo chinali chakudabe. Pepala likafika sankayamba ndi kuliona, ankayamba ndi kulinunkhiza, kenaka kuligwedeza pafupi ndi khutu. Likalira bwino ankagwedeza mutu, likalira mozizira ankati lamwa chinyontho, liyambe lagona padenga. Polankhula, mawu awo anali ngati a munthu amene ali pafupi ndi mwana wogona. Ine ndi iwo tinali ngati bingu ndi mame. Tsiku silinkatha osandiuza kuti, "Tsitsani mawu, a Mpulula, mapepala sagontha."

Ntchito yosindikiza anaiphunzira ali mnyamata, kwa ena. Yawoyawo anayamba nthawi ya referendamu, pamene aliyense pakamwa panatseguka. Anagula makina akale ku Blantyre, nabwera nawo pa lole. Ine ndinali mmodzi wa amuna amene tinatoledwa pamsewu kuti titsitse chitsulocho. Ena ankangobuula, ine ndikukuwa, "Kwezani uko! Iwe, mwendo!" Titatsitsa, a Namakhwa anandiitana pambali nati, "Inu mukasowa sindidzavutika kukufunani. Mubwere mawa." Ndinabwera mawa lakelo, ndipo ndinakhala mpaka tsitsi lonse linayera.

Kampaniyo anaitcha Mkungudza, ati chifukwa mtengo umenewu chiswe chimaulambalala. Masiku oyambawo tinkasindikiza timanyuzi tobadwa Lolemba n'kufa Lachisanu. Tina ankalandira, tina ankabweza. Kokhala ndi mkangano wa ndale ankati kabwere, anthu anakhala nthawi yaitali atatseka pakamwa. Kotukwana mayi wa munthu ankakapinda bwinobwino n'kukabwezera mwini wake m'thumba la malaya.

Makampani ena amati ali ndi nthambi. Ife tinali ndi makomo. Nyumbayo inali yaitali ngati sitima, ndipo ntchito ikakula a Namakhwa ankaboola khomo lina n'kulipaka penti yakeyake. Loyamba linali lofiira, la manyuzi aja, limene pambuyo pake linasanduka la makadi a ukwati, makalendala ndi mapulogalamu a maliro. Sukulu yaulere itabwera, ana atadzaza pansi pa mitengo, anaboola lobiriwira, la mabuku a sukulu. Limeneli ndilo linkadyetsa enawo. Kenaka labuluu, la mabuku a mapemphero ndi nyimbo, limene ankalikonda ngati mwana wachisamba, pajatu anali mkulu wa mpingo. Kumapeto kwenikweni kunali khomo lopanda penti, kosokera mabuku. Kumeneko mfumu ndinali ine. Pentiyo sinali ya chionetsero. Anapakira anthu ngati ine, kuti akati, "Kasiyeni ku buluu," munthu asachite manyazi kufunsa kuti chikwangwani chikuti chiyani.

Kunalinso khomo lachikasu, la nthano. Limeneli linali matenda awo. Aphunzitsi opuma ntchito ankabwera ndi makope awo a nkhani, ndipo a Namakhwa ankandikhazika pa mpando n'kumandiwerengera. Ndikayasamula kawiri, buku linkabwerera kwa mwini wake. Mphunzitsi wina anakwiya nati, "Buku langa aliweruze munthu wosadziwa A?" Iwo anayankha kuti amene amadziwa A ali ndi mabuku kale, iwo akufuna buku loti likawerengedwa pakhonde, wosenda chimanga asiye kusenda. Mabukuwo sankayenda malonda, ndipo mwana wawo Lameki, amene anaphunzira za bizinesi ku koleji, ankalimbana nawo chaka ndi chaka kuti khomolo litsekedwe. Iwo ankangomvetsera, kenaka n'kutuma munthu kukagula penti yachikasu.

Tsopano za masitepe, chifukwa nkhani yagona pamenepa.

Buku silituluka m'makina lili buku. Limatuluka zigawo zigawo, pepala lalikulu lopindidwa mpaka likhale masamba khumi ndi asanu ndi limodzi. Wosoka amatola chigawo choyamba, chachiwiri, chachitatu, mpaka buku likwane, kenaka singano ndi ulusi. Wodziwa kuwerenga amaona manambala. Nanga ine? A Namakhwa anandikonzera njira. Pamsana pa chigawo chilichonse ankadinda kachizindikiro kakuda: choyamba pamwamba, chachiwiri pansi pang'ono, chachitatu pansi pakenso. Ukatola bwino n'kuyang'ana msana wa buku, umaona masitepe akutsika bwinobwino. Likasowa sitepe, kapena awiri akakhala pamodzi, walakwitsa. Ndi masitepe amenewa ndinasoka mabuku odzaza malole. Wodziwa kuwerenga aliyense amene anayesa kupikisana nane ndinamusiya akunyambita chala. Ndikunena ine!

Chaka chimenecho khomo labuluu linalandira ntchito ziwiri mwezi umodzi. Mpingo wathu, wa ine ndi a Namakhwa, umene supemphera ndi kolona, unafuna mabuku atsopano a nyimbo a chikondwerero chachikulu. Anzathu a kolona nawonso anafuna buku lawo la mapemphero. Mabuku awiriwo anali a msinkhu umodzi, pepala limodzi, masitepe ofanana.

Tsiku lina masana, a Namakhwa atapita ku Blantyre kukagula mapepala, kunatsika chimvula cha m'phiri, chija chimabwera ngati munthu wakutayira ndowa. Denga linayamba kudontha pakona pamene panali mulu umodzi wa buku la a kolona. Ndinathamanga, ndinaunyamula. Poyang'ana pamsana ndinaona kuti ndi sitepe lachisanu. Pa tebulo langa panali mulu wa sitepe lachisanu wa buku la nyimbo. Ndinati abale awa, ndinasanjika pamodzi. Ndinadzitamanso mumtima kuti ndapulumutsa katundu. Mawa lake ndinatola, ndinasoka, ndinamata zikuto. Masitepe onse anatsika mokongola.

Lamulungu la chikondwerero tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, alendo ochokera kutali atakhala kutsogolo, a Namakhwa ali pa mpando wa akulu ndi tayi watsopano. Mabuku anagawidwa akununkhira guluu. Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri, wotsogolera atatchula nambala, anthu anatsegula, nayamba kuyang'anana. Theka la tchalitchi linapeza pemphero la kwa Maria pamalo pa nyimbo. Mawu anayamba kuzima benchi ndi benchi. Ine nyimbo zonse ndimaimba za pamtima, buku ndinangoligwira ngati ulemu. Ndinaimba ndime yonse ndekha, ndi besi yanga yonse, mpaka mayi wina anandikoka jekete.

Lolemba m'mawa a Namakhwa analowa kosokera. Anatenga buku limodzi, anayang'ana msana. Anayang'ana pakona pamene simenti inali idakali yonyowa. Anayang'ana denga. Ine sanandiyang'ane. Lameki analowa akupuma ngati wathamanga.

"Bambo, kosokera kuli munthu mmodzi. Tchulani dzina kwa akulu a mpingo, munthuyo apite, nkhani ithe. Ndakhala ndikunena kuti kusoka tizipereka ku Blantyre."

"Kosokera kuli munthu mmodzi," anatero bambo ake. "Nanga masitepe anajambula ndani?"

"Masitepe alibe mlandu!"

"Denga ndi la yani?"

Lameki anamenyetsa chitseko.

Lachinayi anatiitana ku bwalo la akulu a mpingo. Ine ndinapita ngati wonyamula katoni ya mabuku olakwikawo, ndipo ndinaima nayo pakhomo. Zinthu zinali zitakula kale, chifukwa akazi a Bambo Namakhwa, Mayi Anasitaziya, anali a kolona chibadwire, ndipo anakhala m'banja zaka zonsezo aliyense akupita kwake Lamulungu. Anthu anali atalumikiza kale nkhani. Wapampando anafunsa katatu kuti anachita zimenezi ndani.

"Ndalakwa ndine," anatero a Namakhwa.

"Ndi manja anu?"

"Buku likatuluka pa khomo langa, manja onse amene analigwira ndi anga."

Mkulu wina, wogulitsa matabwa, anati, "Tiuzeni zoona, a Namakhwa. Kapena mayi kunyumba ayamba kukuwerengetsani mikanda?"

Pamenepo mpamene ndinayenera kuika katoni pansi n'kutsegula pakamwa pangapa, pamene Mulungu anandipatsa mosaumira. Ndinaganiza za ana asanu ndi mmodzi kunyumba. Ndinaganizanso, ndisaname, za anthu onse amene ndinkawauza kuti ine sindinalakwitsepo buku. Lilime linasanduka chinangwa chouma. Bwalolo linawachotsa a Namakhwa pa ukulu tsiku lomwelo.

Pobwerera ndinati, "Bwana..."

"Tsitsani mawu, a Mpulula."

Koma tsiku limenelo ndinali ndisanakweze n'komwe.

Ankakonda kunena kuti buku lili ngati mwana wotumidwa: likatuluka pa geti sungaliitanenso, limakanena zimene unaliuza, zabwino kapena zopusa. Koma ulendo uno anati tiliitana. Mabuku ena anali atapita kale ku mipingo ing'onoing'ono ya kuseri kwa phiri, kumene galimoto imafika ikafuna. Tinayenda wapansi, iwo ndi ine, kukwera njira za m'nkhalango za ku Mulunguzi, kudutsa amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni, nkhungu ikutinyowetsa malaya. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wa chifuwa cha mphumu, akuima pa mtengo uliwonse wachitatu kuti apume. Ine ndinasenza thumba. Pakhomo lililonse ankavula chipewa n'kunena mawu omwewo: "Tinakupatsani buku lolakwika. Tibwerekeni, tidzabweza labwino." Ena ankapereka mwaulemu. Ena ankatiuza mawu oti sindingalembe pano.

Mayi wina wokalamba, wolima mbatata ya kachewere pafupi ndi mtsinje, anakana. Analifumbata bukulo pachifuwa.

"Ili ndiye ayi."

"Mayi, muli zolakwika m'menemo."

"Ndaziona. Mchemwali wanga anakwatiwa kwa a kolona ku Mozambiki, anafera komweko pa nkhondo. Mawu amenewa ndi amene ankanena pogona. Ndinali nditawaiwala. Mwandibweretsera mwangozi, mukufuna kundilanda mwadala?"

A Namakhwa anavala chipewa, tinatsika. Tili pa mlatho wa mitengo anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola, nati mwa mabuku onse amene anasindikiza, limene lafika kwa mwini wake ndi limenelo.

Tinamasula ulusi buku ndi buku, tinasokanso, tinabweza. Koma mpingo sunabweretsenso ntchito, ndipo mipingo ina itamva inatsatira. Khomo labuluu linatsekedwa. Analikhoma okha ndi loko, kiyi anaika m'thumba la ovololo. Ku tchalitchi sanasiye kupita. Ankakhala benchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Anakhala pamenepo mpaka miyendo inakana. Mayi Anasitaziya sanandinenepo kanthu, koma kuyambira chaka chimenecho akandipatsa moni ankayang'ana pamphumi panga, osati m'maso. Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Chilango changa chinabwera mwa mtundu wina. Sabata yotsatira, nthawi ya nkhomaliro, a Namakhwa anabwera kosokera ndi pensulo ndi mapepala otaya, nalemba chilembo chimodzi.

"Khalani apa. Ichi ndi chiyani?"

"Bwana, ine ndili ndi zidzukulu. Mundiimbitse a e i o u ngati mwana wa mamina?"

"Ndinakupatsani masitepe chifukwa zinali zofulumira kwa ine. Ndinakunyengani. Khalani pansi."

Ndinakana. Ndinakuwa mpaka a khomo lofiira anatuluka kudzaona. Ndinati ndasoka mabuku ambiri kuposa amene iwo anawerenga. Ndinavula epuloni, ndinapita kunyumba, ndinakhala masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinabwera, ndinapeza pensulo ili pomwe anaisiya, pepala lili pomwepo, iwo atakhala pambali akudya chinangwa chootcha ngati palibe chinachitika. Anangoti, "Tinalekera pa A."

Zinatenga zaka. Mutu wa munthu wamkulu uli ngati dothi la chilimwe, madzi amangoyenderera pamwamba. Sanandikalipirepo. Ndikalakwitsa ankati pepala lili ndi mbali ziwiri, tembenuzani. Tsiku limene ndinawerenga tsamba lathunthu la buku la ku khomo lachikasu, ndinawerenga mokweza mwakuti wogulitsa nthochi panja anaombera m'manja. Iwo anatulutsa kansalu n'kumapukuta magalasi nthawi yaitali.

Kamodzi, atadwala kale, ndinawauza kuti ndikufuna kukaima kutsogolo kwa mpingo ndikanene zoona. Anandigwira dzanja nati ndisawalande chinthu chokhacho chimene anapatsapo munthu osadinda dzina la kampani kumbuyo. Ndinamvera. Kapena ndinene zoona: ndinakondwa kuti andiletsa. Koma lonjezo limenelo linali la munthu wamoyo. Wakufa sangadziyankhire pamene anthu akuseka pa maliro ake.

Sanali mngelo, musandimve molakwa. Anali waliuma ngati mfundo ya mtengo. Makompyuta atabwera anawakana zaka zambiri, ati zilembo zake zilibe fungo, mpaka anyamata a m'tauni anatilanda makadi onse a ukwati ndipo khomo lofiira linafa tikuona. Denga lija analikonza patapita zaka ziwiri. Lameki sanali wolakwa pa zonse. Atatopa anatenga khomo lobiriwira n'kusamuka nalo kupita ku Blantyre, kumene likuyenda bwino mpaka lero pansi pa dzina lina. Lachikasu linatseka lokha pamene maso a Bambo Namakhwa anachita khungu. Lomalizira kutseka linali langa, lopanda penti. Tinkasoka mabaibulo akale ong'ambika a anthu, iwo atakhala pa mpando akumvetsera kulira kwa ulusi, n'kumandiuza kuti ndakoka kwambiri.

Pa pulogalamu ya maliro awo, imene anasindikiza anthu ena pa pepala lonyezimira, analemba makomo atatu okha: la sukulu, la makadi, la nthano. Labuluu analisiya, kuopa kukumbutsa anthu. Ndinawerenga ndekha, palibe anandiwerengera. Ndiye ndikuti: linalipo khomo labuluu, linali labwino kuposa onse, ndipo analitseka ndi Dikisoni Mpulula ndi mulu umodzi wa mapepala. Inu a ku mpingo, inu a pakamwa poyabwa, kalata iyi ndapempha kuti iwerengedwe Lamulungu. Akakana, ndidzaima panja n'kuwerenga ndekha, ndipo mukudziwa kuti mudzamva.

Dzulo ndinapita kukaona nyumbayo. Makina anagulitsa kwa ogula zitsulo, pansi patsala mabowo anayi ndi banga la oyilo. Khomo lofiira muli saluni. Lobiriwira wina akuchajitsamo mafoni. Lachikasu penti inasuluka, likuoneka ngati dzino la wosuta fodya. Labuluu likadali ndi loko yemwe uja, wadzimbiri, ndipo kiyi palibe akudziwa kumene ali. Ine ndikudziwa: Mayi Anasitaziya anamuika m'thumba la jekete imene a Namakhwa anapita nayo kumanda.

Kosokera chitseko chinali chongotsekera ndi mwala. Ndinalowa. Tebulo langa lilipo, mpando wawo ulipo, mwendo umodzi wamangidwa ndi ulusi wanga. Pakhoma pakadali masitepe amene anajambula ndi makala tsiku langa loyamba kusoka, ndipo pansi pake pali A wanga woyamba, wopendama ngati khasu lothyoka. Pawindo amata pepala. Ndinaliwerenga mokweza, ndi mawu anga onse, mpaka mpheta zinathawa padenga: "CHIPINDA CHA LENDI, FUNSANI MKATI."

Ndinadikira pang'ono. Palibe anandiuza kuti nditsitse mawu.